Kumuuza wakabaza kofikira: netiweki yolembedwa m'fayilo

Seva yoyamba imene ndinaisamalira inali kompyuta yakale ya patebulo, yoikidwa pansi pa shelefu m'kachipinda kosungiramo mapepala pa ofesi ina yaing'ono. Inalibe sikirini, inalibe kiyibodi. Ntchito yake inali kusunga mafayilo a anthu asanu ndi mmodzi ndi kuwagawira makina osindikizira. Tsiku loikonza ndinakhala pampando wamatabwa pambali pake n'kumalemba malamulo limodzi limodzi: tenga adiresi iyi, dzutsa khadi la netiweki ili, zopita kunja zizidzera pa rauta. Zonse zinayenda, ndinapukuta manja n'kubwerera kunyumba. Patatha milungu itatu magetsi anazima usiku. M'mawa mwake kompyuta ija inayaka bwinobwino, fani ikulira, kanyale kobiriwira kakuphethira, koma palibe aliyense mu ofesimo amene ankaipeza. Zonse zimene ndinalamula zinangokhala m'makina oyaka, ndipo zinapita limodzi ndi magetsi. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti nanenso sindinkakumbukira bwino kuti ndinalemba chiyani, ndiponso chinayamba n'chiti.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikusinkhasinkha funso limodzi: dongosolo la netiweki ya kompyuta lizisungidwa kuti? M'mutu mwa amene anaikonza, m'makina amene akuyenda, kapena pamalo oti munthu wina angatsegule n'kuwerenga? Yankho limene lafala pakati pa osamalira makina a Linux pa zaka khumi zapitazi n'lakuti lizikhala m'fayilo, ndipo fayiloyo izifotokoza mmene zinthu ziyenera kukhalira m'malo mondandalika zochita. Akatswiri amautchula mchitidwewu kuti declarative. Pa seva ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Pa laputopu ndimayenda nawo mosamala.

Zimene kompyuta imafuna kuti ilankhule ndi zinzake si zambiri. Imafuna adiresi yakeyake ya IP, imafuna kudziwa maadiresi a anansi amene ingawafikire mwachindunji, imafuna adiresi ya rauta yotulukira kunja, ndiponso seva ya DNS yoti iziifunsa ikapatsidwa dzina m'malo mwa nambala. M'nyumba zambiri maadiresi amayamba ndi 192.168, limodzi mwa magulu atatu amene chikalata cha RFC 1918 chinapatula mu 1996 kuti azigwira ntchito m'kati mokha. Foni yanu simunaiuzepo zinthu zimenezi chifukwa rauta imaibwereka adiresi kudzera mu DHCP, njira imene inafotokozedwa koyamba mu 1993. Adiresi yobwereka imatha kusintha, ndipo foni sizimaikhudza. Seva ndiye zimaikhudza, pakuti ili ngati golosale: anthu ayenera kuipeza mawa pamene anaisiya lero. Ikadzayamba kunyamula makina ongoyerekezera m'kati mwake, kapena kulandira mwini wake kuchokera kutali kudzera mu VPN, zofunika kulemba zimachuluka msanga.

Taganizirani za wakabaza. Mukhoza kukwera n'kumamuuza kuti pita kutsogolo, khotera kumanzere pa mtengo wa mango, dutsa mlatho, ima pa nyumba yachitatu. Malangizo amenewa ndi olondola pokhapokha ngati mwakwerera pamalo amene munkawaganiza. Mukakwerera pena, mawu omwewo akufikitsani kwina. Koma mukangoti "ku chigayo cha pamsika", zilibe kanthu kuti mwakumana naye kuti. Njira aisankha yekha, ndipo ngati muli kale pa chigayopo akuuzani kuti mwafika. Malamulo olembedwa pamanja ali ngati malangizo oyambawo. Lamulo la ip addr add mukalibwereza limakana, likuti adiresiyo ilipo kale, ndipo ngati linali m'kati mwa mndandanda woti uziima pakalakwika, zotsatira zake zonse sizichitika. Lamulo lowonjezera mzere pa iptables mukalibwereza silikana, limangoika mzere wachiwiri wofanana ndi woyamba, ndipo pakatha chaka simudziwanso kuti wofunika ndi uti. Fayilo yofotokoza kofikira mukhoza kuipereka kwa makina kakhumi, zotsatira zake zikhala zimodzimodzi.

Ganizo limeneli silinayambe dzulo. Mark Burgess, yemwe anali katswiri wa physics ku Oslo, analemba CFEngine mu 1993 pa mfundo yakuti makina azifanizira okha mmene alili ndi mmene analonjezedwa kukhalira, n'kukonza posiyana pokha. Puppet ya mu 2005 ndi Ansible ya mu 2012 zinayenda m'mapazi omwewo, koma zonsezi zinapangidwira anthu okhala ndi maseva ambirimbiri. Munthu wa kompyuta imodzi anatsala ndi ifconfig, lamulo lochokera ku BSD ya mu 1983, ndi mng'ono wake ip. Debian inali ndi fayilo ya /etc/network/interfaces, yomwe ili pakatikati pa njira ziwirizi. Mizere yake ya pamwamba imanena adiresi ndi rauta mwaulemu, koma aliyense amene anafunapo chinthu chachilendo pang'ono anathera ku mizere ya up ndi post-up, mmene amaponyamo malamulo wamba aja. Ndaonapo mafayilo otere okhala ndi mizere isanu yofotokoza ndi mizere makumi atatu yolamula. Palinso msampha wake: mukasintha fayilo khadi lili choyaka, kenako n'kulizimitsa, pulogalamu imayesa kuchotsa zimene zalembedwa tsopano pamene zimene zili m'makina ndi zakale zija.

Panali vuto lina loyenera kuthetsedwa kaye, la mayina. Kale khadi la netiweki linkatchedwa eth0, lachiwiri eth1, malinga ndi limene Linux yayamba kuliona poyaka. Pa makina a makhadi awiri mayinawo ankatha kusinthana, ndipo malamulo otetezera khomo lakunja ankagwera pa khomo la m'kati. Mu 2013, systemd 197 inayamba kutchula makhadi potengera malo amene alumikizidwa pa bolodi. N'chifukwa chake lero mumaona mayina ngati enp3s0 kapena wlp2s0. Ndi oipa m'maso, ndipo anthu ambiri anakwiya nawo, koma fayilo yonena kuti "khadi lakuti likhale ndi adiresi yakuti" ilibe phindu ngati dzinalo limasamuka usiku.

Chaka chotsatira, mu 2014, munabwera systemd-networkd, yomwe ntchito yake yaikulu inagwiridwa ndi Tom Gundersen. Mumaika timafayilo ting'onoting'ono mu /etc/systemd/network. Chigawo choyamba cha kafayilo kalikonse chimanena khadi limene kakukamba, potchula dzina kapena nambala yake ya MAC, ndipo chigawo chachiwiri chimanena zimene khadilo liyenera kukhala nazo. Mulibe malo oikamo malamulo, ndipo zimenezi anachita dala. Pulogalamuyi imakhala maso nthawi zonse: mukazula chingwe n'kuchibwezera, imaikanso adiresi yokha popanda woiuza. Kenako Canonical, kampani yopanga Ubuntu, inaika chinthu china pamwamba, Netplan, yomwe inakhala njira yokhazikika kuyambira Ubuntu 17.10 mu 2017. Nayi fayilo yonse ya seva ya pakhomo yolumikizidwa ku rauta ya 4G ngati zimene ambiri tili nazo:

```
network:
  version: 2
  renderer: networkd
  ethernets:
    enp3s0:
      addresses:
        - 192.168.8.20/24
      routes:
        - to: default
          via: 192.168.8.1
      nameservers:
        addresses:
          - 192.168.8.1
```

Ngakhale munthu amene sanagwirepo Linux akhoza kuloza ndi chala kuti adiresi ya seva ndi iyi, ya rauta ndi iyi. Mulibe mawu akuti "yamba", "kenako" kapena "ngati". Netplan payokha si imene imayendetsa khadi. Imawerenga fayiloyi n'kulemba mafayilo ena mu /run, amene networkd kapena pulogalamu ina yotchedwa NetworkManager imawamva, ndipo chifukwa /run imafufutika kompyuta ikazima, mafayilowo amabadwanso mwatsopano kuchokera ku fayilo yanu nthawi iliyonse makina akayaka. Magetsi azime kasanu pa tsiku, seva idzuka ili chimodzimodzi. Kwa ife okhala kumene magetsi sakhala odalirika, chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira.

Koma chimene chinandikopa kwenikweni ndi china, ndipo chinabwera ndi ngozi yachiwiri. Munthu wokonza netiweki ya seva ali kutali amakhala ngati akudula nthambi imene waikhalira. Tsiku lina madzulo, ndili kunyumba, ndinkasintha adiresi ya rauta pa seva ya ku ofesi ija kudzera mu SSH, njira yolamulira kompyuta uli kutali. Ndinalakwitsa nambala imodzi. Sikirini inangoti zii, chizindikiro chikuphethira koma osayankha. Ndinaimbira mlonda wa usiku.

"Achimwene, pepani ndakusokonezani. Kodi muli ndi kiyi ya kachipinda ka mapepala kaja?"

"Ayi bwana, imeneyo amapita nayo amayi a ku akaunti."

Ndinadikira mpaka kucha, ndipo anthu anayamba ntchito mochedwa chifukwa cha ine. Netplan ili ndi lamulo lopangidwira usiku ngati umenewo, netplan try. Limaika zosinthazo n'kuyamba kuwerenga masekondi 120. Mukapanda kudina Enter nthawiyo isanathe, limabwezera zonse mmene zinalili. Ngati mwadzitsekera kunja simungadine kanthu, choncho mumangopinda manja mphindi ziwiri, khomo n'kutsegukanso. Ganizo lofanana ndi limeneli liliponso kwa osamalira marauta akuluakulu: makina a Juniper ali ndi commit confirmed, yomwe imabwerera yokha pakatha mphindi 10. Kubwerera kotere kumatheka chifukwa dongosolo lakale lonse lili m'fayilo. Malamulo makumi awiri olembedwa pamanja simungawabweze ndi batani limodzi, muyenera kudziwa chotsutsana ndi lililonse. Chenjezo lokha n'lakuti netplan try ili ndi malire ake, makamaka pa milatho ya netiweki ndi makhadi omangidwa pamodzi, ndipo imakuuzani ikakhala kuti singathe kubweza.

Musaganize kuti kudzitsekera kunja ndi vuto la ophunzira okha. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasowa pa intaneti kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Kampaniyo inafotokoza kuti lamulo limene linaperekedwa pa ntchito yokonza linadula kulumikizana kwa malo ake onse osungira maseva, ndipo zida zimene akanakonzera vutolo ali kutali zinadukira limodzi, moti anachita kutumiza anthu kukafika pa makinawo.

Amene anafika nalo patali kwambiri ganizoli ndi anthu a NixOS. Eelco Dolstra anayamba Nix mu 2003 ndipo anaifotokoza mu digiri yake ya ukachenjede ku yunivesite ya Utrecht mu 2006. Pa NixOS kompyuta yonse imafotokozedwa mu configuration.nix: mapulogalamu, ogwiritsa ntchito, maadiresi, makomo otseguka pa firewall, zonse pamodzi. Phindu lake pa netiweki ndi lakuti zinthu zimene kwina zimakhala m'mafayilo anayi osadziwana, kuno zimaonana. Mukayatsa SSH, khomo lake la 22 limatsegulidwa pa firewall mogwirizana, ndipo mukadzachotsa mzerewo khomolo limatsekeka, osasiya kachiboo koiwalika. Kusintha kulikonse kumabala m'badwo watsopano wa dongosolo, wakale osafufutidwa, ndipo poyatsa kompyuta mumatha kusankha m'badwo wa dzulo pa mndandanda. Lamulo la nixos-rebuild test limayesa zosintha popanda kuzikhazikitsa, ndiye zikavuta mumangopempha aliyense amene ali pafupi kuti azimitse n'kuyatsanso. Guix System, yochokera ku ntchito ya Guix imene Ludovic Courtès anayambitsa mu 2012, imachita zofanana m'chinenero cha Scheme.

Ndimaikonda NixOS, koma sindiuza munthu aliyense kuti aiyambe. Chinenero chake chimatenga nthawi kuti chilowe m'mutu, ndipo uthenga wake pakalakwika umatha kudzaza sikirini yonse osakulozerani mzere wolakwikawo. Komanso imadya data. Chifukwa pulogalamu iliyonse imamangirizidwa ku mtundu weniweni wa zimene imadalira, kachinthu kamodzi ka pansi kakasintha, mapulogalamu ochuluka a pamwamba amakokedwanso mwatsopano. Amene ali ndi intaneti yopanda malire sazindikira n'komwe. Amene amagula bandulo amazindikira tsiku lomwelo.

Tsopano tibwere pa kompyuta imene munthu amakhalapo. Seva imakhala malo amodzi, chingwe chimodzi, zaka zambiri, ndiye kulemba mmene iyenera kukhalira n'kosavuta chifukwa dziko lake siligwedezeka. Laputopu m'mawa ili pa Wi-Fi ya kunyumba, masana pa chingwe cha ku ntchito, madzulo ikuyamwa intaneti ya pafoni, ndipo sabata yamawa ili pa malo ogona alendo pamene muyenera kutsegula tsamba n'kuvomera kaye musanalowe. Simungalembe pasadakhale dzina la Wi-Fi imene simunaionepo. N'chifukwa chake Red Hat inayambitsa NetworkManager mu 2004, pulogalamu yoti izitsatira munthu kumene akupita, iziona maukonde amene alipo, izifunsa pasiwedi, izikumbukira. Imadziwanso kanthu kena kamene seva siiganiza kawirikawiri: mukhoza kuiuza kuti kulumikizana kwakuti ndi kolipira pa megabaiti, ndipo mapulogalamu amene amamvera chizindikiro chimenecho amaleka kukoka zosintha zikuluzikulu mwakachetechete.

Ndakumanapo ndi anthu okonda dongosolo amene amafuna kulemba ngakhale Wi-Fi ya laputopu m'fayilo, n'kumamanganso kompyuta yonse kuti alowe pa intaneti ya kwa mnzawo. Kumeneko n'kudzizunza. Komabe kusiyana kwa mbali ziwirizi si kwakukulu monga anthu amakunenera. Mukadina pa kachizindikiro ka Wi-Fi n'kulemba pasiwedi, NetworkManager imalemba kafayilo mu /etc/NetworkManager/system-connections, kowerengeka bwino, kofotokoza mmene kulumikizanako kuyenera kukhalira. Mukhoza kukakopera pa kompyuta ina. Red Hat Enterprise Linux 9, yotuluka mu 2022, inasankha mtundu umenewu m'malo mwa mafayilo ake akale a ifcfg. Ubuntu inapita mbali ina: kuyambira 23.10, zimene mwadina pa sikirini zimakasungidwa mu /etc/netplan. Choncho kusiyana kwenikweni kuli pa amene akulemba fayilo, inu kapena pulogalamu. Pa kompyuta ya patebulo imene sichoka pa desiki, ndipo mwina imagawira ena mafayilo, ndimalemba ndekha za chingwe, za mlatho wa makina ongoyerekezera ndi za VPN. Za Wi-Fi ndimasiyira NetworkManager.

Pano ndi pamene pagona vuto limene limagwetsa anthu ambiri, ndipo si vuto la chida chilichonse. Fayilo imanena zoona pokhapokha ngati palibe wina amene akugwira khadi lomwelo. Pa kompyuta imodzi ya Linux mukhoza kupezamo ifupdown, dhcpcd, networkd ndi NetworkManager, zonse zoyaka, iliyonse ikudziona ngati mwini khola. Zizindikiro zake n'zosokoneza mutu: khadi limodzi lili ndi maadiresi awiri, intaneti ikuyenda mphindi zisanu n'kuduka, mayina sakupezeka pamene manambala akuyankha. Bwalo la nkhondo lodziwika kwambiri ndi /etc/resolv.conf, kafayilo konena seva ya DNS. Munthu amakakonza pamanja, zinthu n'kuyenda, mawa lake n'kupeza mwabwerera 127.0.0.53, adiresi ya systemd-resolved, chifukwa kafayiloko kanali ndi mwini wake amene sanafunsidwe. Pa maseva obwereka pa intaneti, ndiponso pa ena oikidwa kunyumba, cloud-init imalemba fayilo yake ya 50-cloud-init.yaml, ndipo pamwamba pake pamakhala chenjezo lakuti zosintha zanu zikhoza kufufutidwa. Ambiri saliwerenga. Safunsa anadya phula.

Docker, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'makontena, ndiye mlendo wovuta kwambiri m'nyumba imeneyi. Ikangoikidwa imapanga mlatho wake wa docker0 pa maadiresi oyamba ndi 172.17, n'kulowetsa mizere yake mu iptables. Mukatsegula khomo la kontena, khomolo limatha kufikika kuchokera kunja ngakhale firewall yanu ya ufw ikunena kuti ndi lotseka, chifukwa mizere ya Docker imagwira uthenga wochokera kunjawo usanafike pa yanu. Fayilo yanu sinaname, koma sinanene zonse. Ndimaona kuti amene amalalikira za dongosolo lolembedwa amadumpha mfundo imeneyi mofulumira kwambiri. Kulemba mmene zinthu ziyenera kukhalira sikuchotsa udindo wopita kukaona mmene zililidi. Malamulo akale aja, ip addr ndi ip route, amagwirabe ntchito, koma tsopano ngati maso m'malo mwa manja.

Palinso nkhani ya zinsinsi. Ubwino wa fayilo ndi wakuti mukhoza kuisunga mu git, kuona amene anasintha chiyani ndi liti, ngakhale kuitumizira mnzanu kuti akuthandizeni. Koma pasiwedi ya Wi-Fi ndi kiyi yachinsinsi ya WireGuard, VPN ya Jason Donenfeld imene inalowa mu Linux 5.6 mu 2020, nazonso ndi mbali ya dongosolo la netiweki. Mukazilemba m'fayilo yomweyo zipita kulikonse kumene fayiloyo yapita, ndipo git siiwala: mukafufuta mzerewo lero, udakalipo m'mbiri. Pa NixOS n'zoopsa kwambiri chifukwa zonse zomangidwa zimakhala mu /nix/store, malo amene aliyense wolowa m'kompyutayo angawerenge. Njira yake ilipo. Networkd imalola kuti mulembe dzina la fayilo imene muli kiyi m'malo mwa kiyiyo, anthu a NixOS ali ndi zida monga agenix ndi sops-nix zobisa zinsinsi, ndipo Netplan imadandaula ikaona kuti fayilo yake ikhoza kuwerengedwa ndi aliyense. Tanthauzo lake n'lakuti loto la fayilo imodzi yonyamula zonse silikwaniritsidwa: nthawi zonse pamatsala kathumba kena koyenera kusungidwa padera.

Zing'onozing'ono zokwiyitsa nazo zilipo. YAML imene Netplan imagwiritsa ntchito imawerengera mipata ya kumayambiriro kwa mzere ndipo imakana batani la Tab, moti mpata umodzi wosowa umagwetsa fayilo yonse. Kompyuta imatha kuima mphindi ziwiri poyaka, ikudikira khadi limene munalilemba koma mulibe chingwe, mpaka mutaliika chizindikiro chakuti si lofunika kulidikira. Ndipo zida zimasintha pansi pa mapazi anu. Mawu a gateway4 amene ali m'malangizo akale ambiri a Netplan anasiyidwa, m'malo mwake mukulembedwa routes monga m'chitsanzo chija. Raspberry Pi OS inachoka pa dhcpcd kupita ku NetworkManager mu 2023, ndipo anthu amene ankatsatira malangizo akale ankakonza fayilo imene palibenso amene ankaiwerenga.

Wina angafunse kuti bwanji osangosiya seva pa DHCP, n'kuuza rauta kuti nthawi zonse iziipatsa adiresi yomweyo potengera nambala yake ya MAC. Imeneyi ndi njira yabwino, ndipo pa nyumba ya makina awiri kapena atatu ndimailimbikitsa. Mungodziwa kuti mwasamutsira dongosolo lanu m'kabokosi kamene kali ndi kabowo kumbuyo, kamene aliyense wokhala ndi phini angakabwezere ku fakitale intaneti ikangochedwa. Rauta yoyendera OpenWrt imachepetsa nkhawa imeneyi chifukwa nayo imasunga zonse m'mafayilo owerengeka mu /etc/config, oti mungawakopere n'kusunga.

Zimene ndimachita lero si zapamwamba. Pa seva iliyonse ndimayamba ndi kufunsa kuti woyang'anira netiweki ndi ndani, n'kuzimitsa ena onse. Ngati ndi Ubuntu ndimalemba Netplan chifukwa ndi imene ili m'nyumbamo. Kwina ndimalemba mafayilo a networkd mwachindunji, poti sindiona chifukwa choikira womasulira pakati pamene chinenero cha pansi n'chomveka kale. Sindisintha chilichonse ndili kutali popanda njira yobwerera. Ndipo pamwamba pa mzere uliwonse wachilendo ndimalembapo chifukwa chake m'mawu wamba, pakuti fayilo imanena kuti adiresi ndi 192.168.8.20 koma sinena kuti makina osindikizira ndi makompyuta asanu ndi imodzi akudalira nambala imeneyo. Amene adzabwere pambuyo panga ayenera kudziwa zimenezo asanaisinthe.

Seva ya m'kachipinda ka mapepala ija inafa ndithu, disiki ndi bolodi zonse, mvula ya mphezi itagwa. Tinapeza kompyuta ina yakale, ndinaikamo Linux, n'kukopera fayilo ya netiweki kuchokera pa flash imene inkakhala mu diroo ya amayi a ku akaunti. Poyamba sinayankhe. Nditayang'ana ndi ip addr ndinaona kuti pa bolodi yatsopanoyi khadi likutchedwa eno1, pamene fayilo imanena enp3s0. Ndinasintha mawu amodziwo, ndinalemba netplan try, ndipo masekondi asanafike theka, makina osindikizira ku chipinda china anayamba kutulutsa kalata imene mlembi anatumiza dzulo lake. Kiyi ya VPN yokha ndi imene tinapanga yatsopano, chifukwa yakale sinali pa flash ija.